Miyezi Itatu Yachinsinsi: Zimene Zimachitika Mimba Isanaoneke

Kwathu kuno mimba siilengezedwa. Mayi akadumpha mwezi amangoti phee, kudikira. Wachiwiri ukadutsa mwina amanong'oneza mwamuna wake kapena mchemwali wake, koma ena onse amadzazindikira okha, akaona kuti chitenje chayamba kumangidwira m'mwamba, kapena kuti mayi uja akuthawa fungo la usipa wokazinga. Apo ndiye kukodolana kumayamba: "Aujeni aja ndi odwala." Chobisira tonse timachidziwa. Ena amaopa anthu oipa mtima kuti angaimange mimbayo, ena amaopa manyazi ikachoka, ndipo mtsikana wa pasukulu amaopa makolo. Ine kubisako sindikutsutsana nako. Chondidetsa nkhawa n'chakuti miyezi imene timakhala chete ndi yomweyo imene mwana amaumbidwa, ndipo zambiri zimene zingalakwike m'thupi mwake zimalakwika mayi asanauze munthu, nthawi zina mwini wakeyo asanadziwe n'komwe.

Kawerengedwe ka kuchipatala kamasokoneza ambiri. Anamwino sawerenga kuyambira tsiku limene munakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba, amayambira pa tsiku loyamba la msambo wanu womaliza. Ndiye kuti pamene mukuzindikira kuti kumwezi simunapiteko, iwo amati mimbayo yakwana kale masabata 4, ngakhale kamwanako kakhalamo masabata awiri okha. Pofika sabata ya 6 kamtima kayamba kugunda. Pofika ya 8 kamunthuko n'kofanana ndi njere ya nyemba, komatu timanja ndi timiyendo taphuka, nkhope ikuumbika. Pakutha pa sabata ya 12 pafupifupi ziwalo zonse zakhala m'malo mwake, chatsala n'kukula ndi kukhwima basi. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

Chiwalo chimene chimafulumira kwambiri ndi msana pamodzi ndi ubongo. Zimayamba ngati kamzere kathyathyathya kumbuyo kwa kamwanako, kenaka m'mbali mwake mumapindika n'kukumana, kutsekeka ngati kapaipi. Kutsekekaku kumakhala kutatha pofika masiku 28 chikhalireni mimba, kutanthauza masabata awiri okha kuchokera pamene mayi wadumpha mwezi. Kapaipi kaja kakatsala kotsegula cha kumunsi, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala pamsana. Madokotala amati spina bifida. Ambiri mwa ana otere miyendo imafooka, mkodzo ndi chimbudzi zimangotuluka zokha, ndipo mutu umadzaza madzi n'kumakula. Ndi ana amene makolo awo amayenda nawo ulendo wautali mpaka ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kukafuna opaleshoni. Kakatsala kotsegula cha kumutu, ubongo suumbika ndipo mwanayo sakhala moyo.

Chimene chimathandiza kuti kapaipiko katsekeke bwino ndi vitamini wotchedwa folic acid, mamaikulogalamu 400 patsiku, kambewu kamodzi kakang'ono. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka ku Britain mu 1991 anasonyeza kuti mwa amayi amene anaberekapo kale mwana wa vutoli, vitaminiyu anachepetsa kubwereza kwake ndi magawo pafupifupi 7 pa 10 aliwonse. Vitaminiyu alimo m'timapiritsi towonjezera magazi timene amapereka ku sikelo. Koma taonani pamene pagona nkhani. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Malawi amayi pafupifupi 24 okha pa 100 ndi amene anayamba sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu. Ena onse amalandira timapiritsito msana wa mwana utaumbika kalekale. Magazi timawonjezerabe, ndipo timafunika mpaka kubereka, koma ntchito ya msana ija imakhala itapita. N'chifukwa chake mayi amene wasiya jakisoni wolera, kapena wachotsetsa kolera ka pamkono kuti aime, ayenera kuyamba folic acid nthawi yomweyo, osadikira kuti adumphe kaye mwezi. Bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, nyemba, nandolo, mtedza ndi mapeyala zilinso naye vitaminiyu, ngakhale ndiwo zamasamba zikabwata nthawi yaitali n'kutayidwa madzi, wambiri amapita ndi madziwo. Amene anaberekapo mwana wa bala pamsana anene kuchipatala, chifukwa iyeyo amapatsidwa mlingo wokulirapo.

Timapiritsi towonjezera magazi tili ndi mbiri yoipa m'midzi, yoti timakulitsa mwana n'kuvutitsa pochira. Si zoona. Zoona n'zakuti timadetsa chimbudzi, timatha kumanga m'mimba, ndipo ena timawawonjezera nseru. Kumwa usiku mutadya nsima kumachepetsako mavutowa. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi, wowonjezera magazi amene ali m'timapiritsito, kuti asalowe bwino m'magazi.

Mu 2016 bungwe la World Health Organization linasintha malangizo ake, kuti mayi azionana ndi azaumoyo maulendo 8 m'malo mwa 4, ndipo ulendo woyamba uzikhala masabata 12 asanathe. Ena amati ndikatani ku sikelo mimba isanaoneke, akapima chiyani? Ulendo woyambawo saupangira kupima kukula kwa mimba ayi. Amaupangira magazi. Amayeza HIV, ndipo Malawi ndi dziko limene linayamba mu 2011 ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV pompo n'kumamwa moyo wake wonse, mayiko ena n'kudzatengera pambuyo. Akayamba msanga, kachilombo kamachepa m'magazi nthawi yochira isanafike. Amayezanso chindoko, matenda amene amatha kukhala m'thupi zaka osaonetsa chizindikiro, koma n'kupha mwana m'mimba kapena kumubadwitsa wodwala. Mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin, ndipo bambo nawo ayenera kubayidwa, apo ayi mayi atenganso. Pamwamba pa izi pali kuyeza BP, kuchuluka kwa magazi, katemera wa kafumbata ndi neti.

Pano ndinenepo zanga. Pali zipatala zina zimene zimabweza mayi wobwera yekha kuti akatenge kaye mwamuna wake kapena kalata ya amfumu. Cholinga n'chabwino, abambo azitengapo mbali. Koma mwamuna ali ku Johannesburg, kapena ali kunyanja, kapena waikana mimbayo, ndiye mayi atani? Amabwerera kunyumba n'kukakhala miyezi ina iwiri. Lamulo loti lithandize mwana likumuchedwetsera mankhwala mwana yemweyo.

Tsono malungo. Mayi woyembekezera, makamaka wa mimba yoyamba, chitetezo chake ku malungo chimatsika, ndipo tizilombo take timakonda kuunjikana mu nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya. Zotsatira zake ndi kuchepa magazi, kupita padera, kapena mwana wobadwa wonyentchera. Malawi linali dziko loyamba mu Africa, mu 1993, kuyamba kupatsa amayi oyembekezera Fansidar wodzitetezera. Koma Fansidar sapatsidwa m'miyezi itatu yoyambirira. Amayamba pa sabata ya 13, kenaka mwezi ndi mwezi, kosachepera katatu, ndipo amene akumwa kale Bactrim wa tsiku ndi tsiku sapatsidwa. Ndiye kuti m'masabata ovuta aja, chotchinga chokhacho chimene mayi ali nacho ndi neti. Osati neti yopachikidwa yokulungidwa pamwamba pa bedi chifukwa kukutentha, kapena yokutira nazale ya tomato kudimba.

Ndimakumbukira mlamu wanga wina atakhala pakhonde m'mawa, wafunda chitenje dzuwa lili phwee, mano akugundana. Anaitana mwana n'kumupatsa ndalama: "Thamanga kugolosale, ukagule brufeni muwiri ndi makapisozi aja." Pakhomopo panalibe amene ankadziwa kuti anali atadumpha miyezi iwiri. Amayi anga ndi amene anamuyang'ana kanthawi, n'kumuuza mwanayo kuti adikire. Anasendera pafupi n'kufunsa chapansipansi: "Apongozi, kodi mwezi uno kumwezi mwapitako?" Mlamu anangoweramitsa mutu. Ndalama ya brufeni ija inakhala ya kabaza, ndipo kuchipatala kachipangizo kanaonetsa mizere iwiri ya malungo. Akanameza zakugolosale zija thupi likanazizira kwa maola angapo, malungo akupitiriza ntchito yake mkati.

Kutentha thupi kwambiri pakokha n'koopsa kwa mwana amene akuumbika, choncho sikofunika kukupirira. Kale amayi a mimba yaing'ono ankapatsidwa kwinini, uja wolizitsa m'makutu, koma mu 2022 World Health Organization inavomereza kuti LA angaperekedwe ngakhale m'miyezi itatu yoyamba. Wosankha mankhwala ndi dokotala atayeza magazi. Mbali ya mayi n'kunena mawu amodzi asanalemberedwe chilichonse, ngakhale atapita ndi dzino kapena akufuna kumujambula X-ray: "Ndadumpha mwezi."

Dziko lapansi linaphunzira kuopsa kwa mankhwala pa mimba yaing'ono kudzera m'misozi. Mu 1957 ku West Germany kunayamba kugulitsidwa mapiritsi otchedwa thalidomide, ogonetsa tulo, ndipo amayi oyembekezera ankawamwa pofuna kuletsa nseru. Pamene ankawachotsa pamsika mu 1961, ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anali atabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Atafufuza anapeza kuti kuwonongekako kunkachitika pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 chikhalireni mimba. Mayi womwa mapiritsi omwewo mimba itakula ankabereka mwana wa ziwalo zonse. Mankhwala omwewo, mayi yemweyo, kusiyana masiku chabe.

Thalidomide simumupeza pagolosale, koma zilipo zathu zimene timameza osaganiza. Brufeni ndi Indocid, amene ambiri amamwa msana ukamapweteka, si a mayi woyembekezera. Mimba ikakula amatha kuwononga impso ndi mitsempha ya mtima wa mwana, ndipo madokotala amawapewa kuyambira pachiyambi pomwe. Doxycycline ndi tetracycline nawonso amapewedwa chifukwa amakhudza mano ndi mafupa a mwana. Mankhwala a njoka za m'mimba amadikira miyezi itatu ithe. Timakapisozi ta vitamini A timene amadonthezera ana m'kamwa si ta munthu woyembekezera, chifukwa vitaminiyu akachuluka kwambiri amalumalitsa. Mutu ukamapweteka, Panado pa mlingo wake ndiye amaloledwa.

Zovuta kwambiri ndi za amayi amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Sodium valproate wa khunyu amadziwika kuti amayambitsa bala la pamsana lija komanso kuchedwetsa nzeru za mwana. Enalapril ndi captopril a BP, ndi warfarin woletsa magazi kuundana, nawonso amasinthidwa munthu akaima. Koma apa pali msampha. Mayi wakhunyu akamva izi n'kutaya mapiritsi ake lero, akhoza kugwa mawa ali pamoto kapena pachitsime, ndipo kugwako n'koopsa kwa onse awiri. Choyenera n'kupita ndi mapaketi ake kuchipatala, makamaka asanaime, kuti akamusinthire. Ma ARV ndi mankhwala a TB sasiyidwa ngakhale tsiku limodzi.

Nanga achikuda? Apa ndimayenda mosamala, chifukwa wobweretsa mizu nthawi zambiri amakhala agogo kapena azakhali amene amatikonda. Azamba m'zipatala zathu amaudziwa bwino mwanamphepo, ndipo amadandaula nawo chifukwa umachititsa chiberekero kukokana mwamphamvu mosayenera. Mankhwala okokanitsa chiberekero pa miyezi isanu ndi inayi, mukuganiza kuti pa miyezi iwiri angatani? Vuto la muzu n'lakuti ulibe mlingo. Wokumbidwa m'chilimwe ndi wokumbidwa m'dzinja mphamvu zake n'zosiyana, ndipo kapu ya agogo si yofanana ndi ya azakhali. N'chimodzimodzi ndi mabotolo aja ogulitsidwa m'madepoti, oti amatsuka m'mimba n'kuchiza matenda makumi awiri. Chotsuka m'mimba chisayandikire mimba.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti miyambo yathu imateteza mayi woyembekezera ndi malamulo ambirimbiri, koma imalondera zitseko zolakwika. Asaime pakhomo, mwana angadzaime panjira. Asadye mazira, mwana angadzabadwe wopanda tsitsi. Dzira lowiritsa bwino ndi chimodzi mwa zakudya zabwino zedi zimene mayi wakumudzi angazipeze osagula, ndipo ana a dazi amabadwa ngakhale kwa amayi amene sanalawepo dzira. Pomwe tikumana mayi dzira, palibe womuletsa chipanda cha masese pa chinkhoswe, ena mpaka amati kamowa pang'ono kamawonjezera magazi. Mowa umadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana monga momwe ulili m'magazi a mayi, ndipo kachiwindi kake sikanakhwime koti n'kuuchotsa. Umawononga ubongo moyo wonse: mwana wovuta kuphunzira, wosakhazikika, nthawi zina wa nkhope yosinthika. Palibe mlingo umene madokotala anaupeza kuti ndi wabwino, kaya ndi kachasu, Chibuku kapena vinyo wa mu shopu. Thobwa lotsekemera la lero lilibe vuto, koma likagonera masiku n'kuyamba kuluma lilime, ndi mowa umenewo. Amene anamwa asanadziwe kuti waima asadzizunze ndi maganizo, angosiya pomwepo n'kukanena ku sikelo.

Fodya ndiye amalowa m'njira zambiri. Pali ndudu ya bambo m'chipinda chogona, pali fodya wamphuno ndi woika kukamwa, ndipo m'madera olima fodya monga Kasungu, Dowa ndi Mchinji pali tsamba lenilenilo. Munthu akamathyola kapena kusoka fodya wamuwisi wonyowa ndi mame, chikonga chimalowera pakhungu, n'chifukwa chake ena amachita chizungulire ndi kusanza osasuta n'komwe. Kupopera mankhwala a tomato, a thonje kapena a ntchemberezandonda, kuthira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga, ngakhale kuchapa zovala za amene wapopera, ntchito zimenezi apatsidwe wina. Mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umalanda mpweya wabwino m'magazi, ndipo mwana amavutika nawo kuposa mayi. Ndipo kwa alongo anga a m'tauni: ena mwa mafuta ndi sopo woyeretsa khungu amakhala ndi poizoni wotchedwa mercury, amene amalowa m'magazi n'kukafika ku ubongo wa mwana. Botolo silinena.

Pa zakudya, zoyenera kuopa n'zochepa kusiyana ndi zimene timaletsana. Nyama ipse mpaka mkati. Kanyenya wofiira pakati, wothiridwa tsabola mofulumira pachiwaya, amatha kukhala ndi tizilombo ta toxoplasma, timene timapezekanso m'chimbudzi cha mphaka ndi m'dothi, ndipo timawononga maso ndi ubongo wa mwana. Mkaka wa kukhola uwiritsidwe, ngakhale woti mupangire chambiko. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa kunabuka matenda a listeriosis kuchokera ku polony, anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ndipo pafupifupi 4 mwa odwala 10 aliwonse anali makanda ongobadwa kumene amene anatengera kwa amayi awo. Kachilombo kameneka kamaswana ngakhale mufiriji, choncho nyama zodyedwa zozizira ngati zimenezi zipewedwe kapena zitenthetsedwe mpaka nthunzi. Chiwindi chili ndi ayironi wambiri, komanso chili ndi vitamini A wochuluka zedi, ndiye si choti n'kumadya mbale yodzaza sabata ndi sabata m'miyezi yoyambirira. Makapu awiri a tiyi patsiku savuta, koma khofi wambiri ndi zakumwa zija zopatsa mphamvu zichepe. Usipa, matemba ndi chambo idyani, ndipo mchere ukhale wa ayodini.

Dothi lili ndi nkhani yakeyake. Amene sanalilakelakepo sangamvetse mmene fungo la chulu mvula itangogwa limakokera mayi woyembekezera, mpaka kumagula timibulu totcha pamsika n'kubisa m'chikwama. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo dothilo m'malo mothandiza limatchinganso ayironi, limamanga m'mimba, n'kubweretsa mazira a njoka. Mayi wolakalaka dothi akayezetse magazi, asachite manyazi kunena.

Nseru ya miyezi imeneyi imakula cha m'ma sabata a 9 ndipo kwa ambiri imaphwa pofika a 14 kapena 16. Kudya pang'onopang'ono kawirikawiri, kuyamba tsiku ndi kachakudya kouma musanadzuke, ndi madzi a jinja kumathandiza. Koma wosanza chilichonse, madzi omwe, mkodzo n'kuchepa n'kuda, ameneyo akufunika diripu, osati kulimba mtima. Chinanso, mwana wa m'nyumba kapena wa aneba akatuluka totupa ndi kutentha thupi, mayi atalikirane naye mpaka zidziwike, chifukwa rubella, amene kwa mwana wamkulu ndi kamatenda kochepa, amatha kugonthetsa, kuchititsa khungu ndi kuwononga mtima wa mwana wa m'mimba. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2017, ndiye amayi ambiri a lero sanabayidwe ali ana.

Pali chinthu chimene chimachitika ngakhale mayi atasamala zonsezi. Pa mimba 100 zodziwika, 10 mpaka 20 zimapita padera, zambiri m'masabata 12 oyamba, ndipo pafupifupi theka la zimenezi n'chifukwa chakuti mbewu ya bambo ndi dzira la mayi pokumana, malangizo a chibadwa sanalumikizane bwino. Mimba yotero sikanakula ngakhale mayiyo akanagona pabedi miyezi yonse. Sikuti anasenza ndowa, sikuti analima, sikuti anakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, sikuti wina anathira mchere ali wotentha. Ntchito za masiku onse ndi kuyenda sizichotsa mimba yabwinobwino, ngakhale kuti katundu wolemetsa mpaka kubuula ndi woyenera kugawana. Ndaonapo mabanja akuthera pabwalo la amfumu, apongozi akulozana zala, pa chinthu chimene chinalakwika m'maselo tsiku loyamba lenileni.

Komabe magazi akayamba kutuluka, achepe kapena achuluke, mayi apite kuchipatala, chifukwa zotsalira m'chiberekero zimabweretsa kutaya magazi ndi mafinya. Ndipo pali mtundu wina wa mimba umene umapha mofulumira. Pa mimba 100, imodzi kapena ziwiri sizifika m'chiberekero, zimakhazikika m'kanjira kochokera ku dzira, makamaka ngati kanjirako kanawonongeka kale ndi matenda opatsirana pogonana. Kanjirako n'kopapatiza, ndipo nthawi zambiri pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10 kamaphulika, magazi n'kumatayikira mkati momwe sakuoneka. Mayi amamva kupweteka kobaya mbali imodzi ya chinena, timagazi takuda pang'ono, chizungulire, thukuta lozizira, nthawi zina kupweteka pansonga ya phewa, kenaka kukomoka. Apa n'pomwe chinsinsi chimaluma. Omunyamula sadziwa kuti ndi woyembekezera, amafotokoza kuti wadya zoipa kapena wagwa ndi malungo, ndipo wakuchipatala amayamba kufufuza kwina nthawi ikutha. Mayi wotere sadikira kuti kuche kapena kuti bambo abwere kuchokera kuntchito. Ngati angathe kuyankhula, mawu ake oyamba pofika akhale tsiku limene anasamba komaliza, ngakhale alamu ake amene amuperekeza ali pomwepo akumva.